Geti Linatseguka Nthawi ya Swala

Lachisanu m'mawa ndinafika kupolisi ndisanamwe ngakhale tiyi. Ndine Sajeni Esinati Matope wa nthambi yofufuza milandu, ndipo anzanga amandidziwa kuti nkhani ikandikanika sindikhala pampando. Iyiyi inali itandizunguza sabata yonse ngati nkhuku yofuna poikira.

Lachisanu lapitalo, dzuwa lili paliwombo, thiraki yodzaza mafuta ophikira inatuluka m'yadi ya a Saiti, kufupi ndi chipata cha malire. M'yadimo ndi momwe mathiraki ochokera ku Beira amagona podikira mapepala. Palibe anathyola loko, palibe analumpha mpanda. Inatuluka mwaulemu wake, mlonda ataitsegulira yekha geti. Mawa lake tinaipeza pamsewu wa ku Thambani mulibe ngakhale chigubu chimodzi.

Geti la a Saiti silitseguka ndi mawu apakamwa. Pulogalamu ya pakompyuta ndiyo imatumiza uthenga kufoni ya mlonda, wokhala ndi nambala ya thiraki komanso nambala yachinsinsi imene dalaivala ayenera kutchula kuti apatsidwe makiyi. Kompyutayo imakhala muofesi ya m'yadimo, ndipo sungaigwiritse ntchito uli kutali, pokhapokha uli pomwe wayifayi ya ofesi imafika. Nthawi imene uthenga unatuluka, amuna onse a muofesi anali kumzikiti ku swala ya Juma. Munatsala munthu mmodzi yekha, Shamsia, mwana wa mchemwali wawo wa a Saiti, amene ntchito yake inali kuyesa pulogalamuyo ngati ikuyenda bwino.

Ameneyo ndiye anali m'chitokosi chathu. Khoti linali litanena kuti Lolemba apite kundende kukadikira mlandu, ndipo ine zimenezo zinkandidya mumtima. Lipoti losonyeza kuti uthenga unachokera pa tsamba lake la mayeso anationetsa ndi iye mwini, palibe anamukakamiza. Pa zaka zonse ndagwira ntchitoyi sindinaonepo wakuba wokugwira dzanja n'kukulozera pomwe waponda.

Pabenchi lapanja ndinapeza mchimwene wake wa Shamsia, a Shakir, kapitawo wa yadiyo, atanyamula fulasiki ndi kabasiketi monga ankachitira m'mawa uliwonse. Bambo awo anamwalira kalekale, kotero mutu wa banja anali iwowo. Anaimirira, nandifunsa ndi mawu apansi ngati pali chatsopano. Ndinati palibe, ndipo ndinawamvera chisoni.

Shamsia ndinamupeza atakhala pakona, mpango wake uli bwinobwino kumutu ngati akupita kuntchito. Ndinamuuza kuti andifotokozerenso zonse, koma pang'onopang'ono, ngati akuuza munthu woti kompyuta amaiwopa.

"Ine sindilemba pulogalamu, Sajeni," anatero. "Amalemba ndi a Dercio. Ine ndimalemba tinkhani tonena momwe pulogalamu iyenera kukhalira. Timalemba m'mawu wamba kuti amalume awerenge okha n'kuvomera kuti ntchito imayendadi choncho."

Anandilakatulira kamodzi pamtima. Poti thiraki ili m'yadi ndipo mapepala ake akwana, pamene kalaliki wavomereza kuti ituluke, ndiye mlonda alandire uthenga wotsegula geti. Anati tinkhani totere tilipo tambirimbiri, tonse pa tsamba limodzi lotsegula ngati la pa intaneti. Ukadina batani, kompyuta imasewera kankhani kalikonse ngati kalaliki weniweni, koma ndi mathiraki ongopeka. Pulogalamu ikachita zomwe kankhani kanena, mzere umabiriwira. Ikaphonya, umafiira.

Wina ndiye anachotsa nambala yopeka m'kankhani ka geti kaja, n'kuikamo ya thiraki yeniyeni, mayeso n'kuyenda. Nambala yachinsinsi inali yolembedwa kale m'kankhani momwemo. Mzere unabiriwira bwinobwino, mafuta n'kumapita.

Ndinamufunsa chomwe chinamusunga muofesi tsikulo. Anati Lachisanu lililonse amapita kukaswali kunyumba ndi mayi ake, koma tsiku limenelo kankhani kena kanali kofiira kuyambira m'mawa, ndipo iye sadya bwino akasiya chofiira. Nthawi ya swala itakwana anayala mkeka wake m'chipinda chosungira katundu, kenako anadya komweko. Batani sanalikhudze.

"Pasiwedi ya tsambalo amaidziwa ndani?"

"Tonse. Ndi imodzi. Amalume anati m'nyumba imodzi sabisirana makiyi."

Zimenezo ndinali nditazimva kale, ndipo sizinandifikitse kulikonse. Onse akanatha, koma pamalopo panali iye. Ndinatuluka ndili wokwiya, ndisakudziwa kuti ndakwiyira ndani.

* * *

Mlonda wa a Saiti ndi a Zakeyu, bambo a kwa Nthache amene anasiya kuwotcha makala chifukwa cha chifuwa. Akayamba kulankhula sapumira. Atandiona ndikutsika galimoto anayamba kulumbira ndisanawafunse kanthu, kuti iwo anangotsata foni, foni ikati tsegula iwo ndani kuti akane, ana awo asanu adya chiyani akachotsedwa ntchito.

Ndinawadula. Ndinati za foni ndazimva, lero ndikufuna za munthu amene anatenga makiyi.

"Ameneuja, madamu? Wachipewa chotsika, Chichewa chake cha kutsidyaku. Anakhala apo kwa mayi wa manachesi kuyambira m'mawa, kudya manachesi ngati wabwerera zomwezo. Akadya, wotchi. Akadya, wotchi. Ine mumtima ndinati bambo awa akudikira mkazi wa mwini. Kenako ndi uyu wadzuka, wapukuta manja, waima pageti panga pano. Ndati, akulu, tikuthandizeni? Ati, dikirani. Sindinameze n'komwe malovu, foni tiriri."

"Anafika foni isanalire?"

"Isanalire, madamu."

"Bwanji simunanene sabata yonseyi?"

"Munkandifunsa nkhope yake. Za wotchi simunandifunse."

Ndinafuna kuwakalipira, koma ananena zoona. Ndinawafunsa ngati munthuyo anaimbira kapena kulandira foni nthawi yonseyo, ndipo anati foni sanamuone nayo. Apo mutu wanga unayamba kuthamanga. Munthu wokhala muofesi akadina batani nthawi imene waona kuti kwayera, amayenera kudziwitsa mnzake wapanja. Uyu sanadikire kuuzidwa. Ankadziwa ola.

* * *

Dercio, mnyamata wolemba pulogalamuyo, anali ku maliro a agogo ake ku Tete ndipo anali atangobwera dzulo lake. Makolo ake anabwera kuno nthawi ya nkhondo, iye n'kubadwira kumalire konkuno. Kompyuta ya ofesi tinali titaisunga kupolisi chizimitsire kuyambira tsiku la mlandu. M'mawa umenewo ndinaibweza pamalo pake, ndinatulutsa aliyense muofesi, ndipo ndinamuuza Dercio kuti aiyatse.

Amalankhula mothamanga ngati basi ikumusiya, akusakaniza timawu ta ku Tete. Anatsegula tsamba lija, mizere yobiriwira ili ndandanda, nandionetsa kabokosi kapamwamba kosankhira komwe mayeso apite: koyeserera kapena kwenikweni. Anayamba kukanda m'mutu. Anati kwenikweniko anakutsegula yekha tsiku loyamba, pofuna kuona ngati foni ya a Zakeyu ilira, ndipo anaiwala kutsekanso.

"Ndi vuto langa limenelo, chefe, sindikana. Koma pasiwedi imodzi ija ndinawauza a Saiti, pá. Ndinati aliyense akhale ndi yake. Anandifunsa ngati ndikuwayesa akuba ana awo."

Ndinati zolapa akalape kutchalitchi, ine andiyankhe funso limodzi. Kodi mayesowa angayambe okha, popanda munthu kudina batani?

Anandiyang'ana, kenako anatembenukira kukompyuta. Anadina apa, anadina apo, natsegula mbali ina imene anati Shamsia saigwiritsa ntchito chifukwa amakonda kuonerera mayeso ake akuyenda.

Pamenepo panali lamulo limodzi lokha. Wina anatchera kankhani ka geti kuti kayende kokha Lachisanu masana, kwenikweni osati koyeserera. Analitchera Lachinayi, tsiku loti muofesi mumalowa aliyense. Nambala ya thiraki anaibwezeretsa yopeka zinthu zitachitika, ife tisanatenge kompyuta, kuti zioneke ngati makina anangopenga okha, koma lamulolo sanalichotse.

"Akuganiza kuti linatha," anatero Dercio. "Koma onani apa. Ukapanda kusintha, limabwereza sabata iliyonse. Munthuyu tsambali amalidziwa mwapamwamba chabe. Liyendanso lero."

Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Sabata yonse ndinali ndikufunsa kuti anali pafupi ndi kompyuta ndani, pomwe funso linali lakuti ankafunitsitsa kuoneka kutali ndani. Shamsia akanakhala wakuba sakanatchera ola kenako n'kukhala yekha muofesi pa ola lomwelo. Wotchera msampha amachokapo. Amene anali ndi mboni zambiri, mzikiti wathunthu, ndiwo tsopano ndinkawakayikira: a Saiti eni ake, mwana wawo Nabil amene amalandira makasitomala, ndi a Shakir.

Ndinafunsa ngati tsambalo lingatiuze foni kapena kompyuta imene inatchera lamulolo. Dercio anapukusa mutu, nati ndi pasiwedi imodziyo onse amaoneka munthu mmodzi.

"Zimenezo ukuzidziwa ndiwe ndi ine," ndinamuuza. "Iwowo sakudziwa."

* * *

Amuna atatu aja ndinawadikira mpaka atavala mikanjo yawo yoyera n'kufika pagalimoto yopitira kumzikiti. Ofesi ndinali nditaikhoma, kiyi ali m'thumba mwanga. Sanadziwe kuti Dercio ndamutsekera m'katimo, maso ali pakompyuta, ndi lamulo loti wina akangolowa pa tsambalo andiimbire n'kudula.

Ndinawauza mosapita m'mbali kuti mayeso aja anachita kutcheredwa, ndipo ayendanso okha lero nthawi ya swala. Bodza ndinaliika kumapeto. Ndinati akangoyenda, lipoti lake lidzasonyeza foni imene inawatchera, bola lamulolo likhale lilipobe. Ndinati ine ndikupita kukadya, tikumane akaweruka.

A Saiti ndi munthu wamkulu thupi, wolankhula mwapang'onopang'ono ngati akuyeza mawu pasikelo. Anati ngati mwanayo ndi wosalakwa, Alhamdulillah, Mulungu atamandike, chifukwa mchemwali wawo sakuwalankhula. Kenako ananditsina ndi mawu akuti m'banja mwawo mulibe wakuba, ndikafufuze bwino kwa mnyamata wa ku Tete uja.

Nabil anaseka. Ndi iye amene ankalimbikira kuti msuweni wake amangidwe, ndipo ine sindinkamukonda, ndi magalasi ake akuda ndi mafoni awiri. Anandifunsa kuti lipotilo lidzaonetsa dzina kapena nambala, ndipo adzaliona ndani poyamba. Mafunso anachuluka. Mumtima ndinati wagwa.

A Shakir anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati Mulungu andidalitse ngati mlongo wawo atuluke. Galimoto inanyamuka.

Ndinakwera yathu, ndinazungulira kusiteshoni ya mafuta, n'kubwerera wapansi nditafunda chitenje. A Zakeyu ndinali nditawauza kale kuti foni ikalira lero asatsegule, ngakhale itachita kuimba nyimbo. Kuseri kwa mpanda wa yadi kuli kanjira kafumbi, ndipo Dercio anati kunja konse ndi pokhapo pomwe wayifayi imafika bwino. Ndinakhala pansi kumbuyo kwa mulu wa manachesi, moyang'anizana ndi kanjirako, ndipo mayi wogulitsa anangondiyang'ana n'kupitiriza kuthamangitsa ntchentche.

Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena zimenezo sanakhalepo padzuwa la kumalire. Mathiraki anali ndondondo mpaka kuchipata, injini zikulira, anyamata osintha ndalama akuitanira aliyense wodutsa. Adhana yoitanira anthu ku swala inamveka kuchokera kumzikiti. Ndinayamba kudzifunsa mafunso opweteka. Nanga wakubayo akazindikira kuti ndikunama? Nanga akatuma munthu wina? Nanga akangokhala phee mumzikiti n'kusiya zonse m'manja mwa Mulungu? Ndiye kuti Lolemba mtsikana uja akwera galimoto ya kundende, ine nditatsala ndi nzeru zanga zopanda umboni. Ndinasenda nachesi, osalidya. Ndinasendanso lina.

Mawu a shehe anayamba kumveka pa chimkuzamawu. Kanjira kanali mbee. Thukuta linkatsika mumsana.

Kenako kabaza anaima kumapeto kwa mpanda. Wokwerayo anatsika njinga isanaimitsitse, mkanjo woyera ataukwinya m'manja kuti usamukole. Anayenda mokhudza khoma, mutu uli pansi, mpaka pakona pomwe pali mthunzi. Kumapazi anavala patapata zazing'ono zosiyana mitundu, zija amasiya posambira pa mzikiti. Nsapato zake anali atazisiya pakhomo la mzikiti kuti zimuchitire umboni.

Anatulutsa foni. Yanga inanjenjemera m'thumba n'kusiya.

Ndinadzuka ndili ndi mawu okonzera Nabil. Munthuyo atadzutsa mutu, mawuwo anandithawa.

* * *

"A Shakir," ndinatero, "swala yatha kale?"

Anati abwera kudzaona mlonda. Ndinawakumbutsa kuti geti lili mbali inayo, ndipo ndinatambasula dzanja. Sanalimbane nane. Pafoni panali tsamba la mayeso lija, ndi kabokosi kofunsa ngati akufunadi kufufuta lamulo la Lachisanu. Chala chawo chinali chisanayankhe.

Anatsamira khoma. Kutsidya kwa mpanda foni ya a Zakeyu inalira, ndipo tinawamva akukalipira foniyo kuti lero yalemba m'madzi.

A Shakir anayamba kulankhula ndisanawafunse. Anati yadiyo anaimanga ndi manja awo kuyambira ili thengo, amalume awo akuwauza kuti mwa mwambo wa kwawo cha malume ndi cha mwana wa mlongo. Chaka chatha nkhalambayo inasintha mawu, niti zonse zidzakhala za Nabil. Anthu ena a kutsidya anawapeza mtima uli wowawa, ndipo zotsalazo zinali zosavuta. Tsambalo iwo ankaliona nthawi imene Shamsia ankawerengera amalume tinkhani take.

"Sankayenera kukhalamo," anatero. "Wallahi, ndikulumbira, Sajeni. Lachisanu amapita kunyumba. Ndinkafuna zioneke ngati makina alakwitsa, pasapezeke womangidwa."

"Limenelo ndi Lachisanu. Nanga masiku enawa?"

Ndinawasendera pafupi n'kupitiriza.

"Mumabwera m'mawa uliwonse, kumandifunsa ngati pali chatsopano. Lolemba akanakwera galimoto ija, inu mukanaima pati?"

Anati ankaganiza kuti khoti limumasula poona kuti palibe umboni. Anati tsiku lililonse ankabwera ndi mtima woti anene, akafika pakhomo mawu n'kuuma. Mwina zinali zoona. Ine ndinali nditakwiya pomanga unyolo, ndipo chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti munthuyu ndinamumvera chisoni sabata yonse.

* * *

Zomasula Shamsia zinatenga masana onse, chifukwa bwana wanga anafuna kumva nkhaniyo kawiri, ndipo wa kukhoti anafuna kuimva kachitatu. A Saiti anafika, anamva, natuluka. Nabil anandipatsa moni waulemu koyamba.

Ndinalakwitsa chinthu chimodzi madzulo amenewo. Ndinafuna kumuuza Shamsia ndekha, tili awiri, asanatuluke. Koma foni inandichedwetsa, ndipo wapolisi wa pakauntala anamutsegulira ndisanafike. Ndinalowa iye akutuluka m'khonde la zitokosi, akuphethira chifukwa cha kuwala, ndipo munthu woyamba kumuona anali mchimwene wake ataima pakauntala, manja ali kutsogolo m'mikono ya mkanjo.

Nkhope yake inawala. Anathamanga, nagwada pansi pasimenti pamaso pa tonse.

"Achimwene, ndimadziwa kuti simundisiya. Ndimadziwa."

A Shakir anayang'ana kudenga. Wapakauntala, munthu wosadziwa kuwerenga nkhope, anawauza kuti avule wotchi ndi chipewa asanalowe. Anakweza manja kuti avule, mikono ya mkanjo inatsetsereka, unyolo n'kuonekera.

Shamsia anauyang'ana nthawi yaitali. Sanalire, sanafunse. Ndi mtsikana wozolowera kutsata chinthu mzere ndi mzere mpaka apeze pomwe chalakwika, ndipo ndinamuona akuchita zomwezo ali chigwadire. Atafika kumapeto anadzuka yekha, napukuta fumbi m'mawondo. Mchimwene wake anamutchula dzina kamodzi, iye osatembenuka.

Ndinamuperekeza mpaka kumsewu. Dzuwa linali litapendeka, mathiraki akusuntha pang'onopang'ono kulowera kuchipata. Ndinamuuza kuti ndi mfulu, kuti dzina lake layera, mawu amene ndinawalakalaka sabata yonse. Anagwedeza mutu ngati ndikunena za munthu wina.

"Mayi akudziwa?" anafunsa.

Ndinati ayi, palibe wawauza.

"Aphika chakudya cha anthu atatu," anatero. "M'mawa achimwene anandiuza kuti awalonjeza zoti lero abwera nane."

Ndinaimitsa kabaza, koma anati ayenda wapansi. Kwawo si kutali, ndipo sankafuna kufika msanga.